Maso a Consolata

Munthu wogulitsa maloko sakhulupirira aliyense, ndipo a Shadrick anagulitsa maloko ku Area 1 kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera m'ndevu. Kasitolo kawo kanali kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi telala, pamsewu umene anthu amayenda mogundana mapewa tsiku lonse. Aliyense wolowa m'menemo ankabwera ndi nkhani ya wakuba. Uyu amuthyolera chitseko, uyu amubera njinga, winayu mlamu wake weniweni wamukokolola katundu ali kumaliro. Ukamamva zoterezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo umayamba kuona akuba ngakhale pamzere wolandira Ukalistia, ndipo a Shadrick anafika pamenepo kalekale.

Chimene ankanyadira chinali chimodzi, mwana wawo wamkazi Consolata. Nzeru anali nazo mtsikanayo, koma bambo ake sankatama nzeruzo, ankatama ulemu. Ankagwada popereka madzi, ankalandira chinthu ndi manja awiri, ndipo wamkulu akamalankhula naye maso ake ankakhala pansi mpaka mawu atatha. Izi sizinabwere zokha ayi. Ali kamwana ka sitandade wani anawayang'anitsitsa bambo ake akumukalipira, ndipo iwo anamupotokola khutu mpaka linatupa. "Ukundiyang'ana m'maso, ndine mnzako ine?" Sanachitenso. A Shadrick ankakonda kuifotokoza nkhaniyi kwa anzawo a pamsewupo, n'kumaliza ndi mawu akuti m'mera mpoyamba.

Consolata atakhoza mayeso a sitandade 8 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kutali kummwera. Bambo ake anakana kwamtuwagalu. Mwana wamkazi apite kumene maso awo safikako? Akamutenge ali ndi pathupi? Ndiye mtsikanayo anangokhala m'kasitolo, kupukuta maloko ndi kuwerenga mabuku akale amene ankabwereka kwa anzake.

M'menemo ndi mmene anamupeza mayi Agness, mayi wa ku Rumphi wokhala ku Area 9, atabwera kudzagula loko wa pageti.

"Bambo, mwanayu bwanji sali kusukulu?"

A Shadrick anayamba awerenga kaye maloko amene anali pa kauntala, poganiza kuti funsolo linali njira yowasokoneza. Atapeza kuti alipo onse, anayankha mwachidule kuti ndi nkhani ya m'banja.

Mayiyo sanakhumudwe. Anafotokoza kuti amayang'anira ofesi ya sukulu ya pa intaneti ku City Centre. Mwana amaphunzira ali kwawo, pa laputopu imene sukuluyo imabwereketsa. Aphunzitsi ena ali konkuno, ena kunja. Fizi amalipira anthu akufuna kwabwino, kholo limangosamala mwana ndi laputopuyo.

"Zaulere?" anatero a Shadrick, diso limodzi atalitsinzina. "Chikomekome cha nkhuyu, mayi, m'kati muli nyerere."

Nkhaniyo ikanathera pomwepo akanapanda akazi awo, a Mayankho, amene ankagulitsa masamba mumsika ndipo pakamwa pawo panalibe loko. "Yakutali munakana, iyi yabwera pakhomo mukukananso," anatero madzulo ake. "Mukufuna mwana akalambe akupukuta zitsulo? Pitani mukaione kaye, bambo a Conso. Kukana mukakanire komweko."

Anapitadi, atavala jekete la kutchalitchi, Consolata akuwatsatira pambuyo. Minibasi inawatsitsa ku City Centre, kumene misewu ndi yotakasuka ndipo anthu amayenda ngati sadziwana. Anakwera masitepe m'nyumba ina yosanja n'kupeza kuti sukulu yonseyo inali zipinda ziwiri. Anafunsa za bwalo la mpira, kunalibe. Anafunsa za belu, kunalibe. Anafunsa kuti ahedi ali kuti awapatse moni, anauzidwa kuti ali kunja kwa dziko ndipo akhoza kuwaona pa kanema. Sukulu yanji yopanda ngakhale mtengo wopachikapo belu? Kenaka mayi Agness anamukhazika Consolata kutsogolo kwa laputopu n'kumujambula nkhope, akuti makina azimuzindikira pa mayeso. Apa a Shadrick anakayikira kwambiri, chifukwa nkhani za anthu opatsidwa zinthu zaulere n'kutengedwa nkhope anali atazimva zambiri, ndipo zonse zinkathera kwa Satana.

Komabe anavomera, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi chokha. Sukulu imeneyi mwana akanaphunzira ali kumbuyo kwawo, pamene akanatha kumuona nthawi iliyonse atangotembenuka.

Anamukonzera malo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, pakati pa makatoni a maloko, popeza magetsi ndi netiweki zinali bwinoko kumeneko kusiyana ndi kunyumba. Pakhomo pa kachipindako panali katani, ndipo kataniyo inali ndi kabowo kamene a Shadrick sanalole kuti atelala akasoke. Makasitomala akachepa ankasuzumirapo. Ankamva mawu a mwamuna akutchula dzina la mwana wawo m'Chingerezi, magazi n'kuwira. Anafufuza mpaka anadziwa kuti mwamunayo ndi a Norman, mphunzitsi wa sayansi, bambo wadazi amene ankaphunzitsa atavala chijuzi cha ubweya kwawoko, kuno anthu akutuluka thukuta. Anadikira kuti amve mawu achibwenzi, sanawamve. Anadikira kuti aone magazi kapena makandulo pa galasi la laputopuyo, anangoona zithunzi za masamba ndi mapapo a munthu. Teremu inatha osagwira kanthu, ndipo zimenezo zinawasowetsa mtendere kuposa akanagwira.

Ndiye tsiku lina masana foni inalira. Anali mayi Agness, akuwapempha kuti afike ku ofesi okha, mwana atsale. A Shadrick anamva mantha, koma tinene zoona, pansi pa manthawo panali kachimwemwe ka munthu amene msampha wake wafwamphuka.

"Khalani pansi kaye, bambo Shadrick," anatero mayi Agness. "Pali kavuto pang'ono. Consolata wakhoza bwino kwambiri, koma zotsatira zake aziimitsa. Pa mayeso a pakamwa mphunzitsi amafunsa pa kamera, ndiye makina amayang'anira maso a wophunzira. Akamayang'ana pansi kapena kumbali nthawi yaitali, makinawo amalemba kuti mwina akuwerenga penapake."

"Likasa," anatero a Shadrick. Mawuwo anawatuluka okha. Kapepala kobera mayeso, kamene ana amabisa m'masokosi.

"Ine sindinatero ayi. Taonani nokha."

Anawatembenuzira laputopu. Pa kanemayo panali Consolata m'kachipinda kaja, makatoni a maloko akuoneka kumbuyo kwake. A Norman anafunsa funso, mutu wa mtsikanayo unagwa pansi, yankho n'kutuluka losalala ngati akuwerenga. Funso lina, mutu pansi, yankho. Mpaka kumapeto sanadzutse maso ngakhale kamodzi.

"Lamulo la sukulu ndi lakuti wobera mayeso amachotsedwa, laputopu n'kubweza," anapitiriza mayiyo. "Koma ndamupemphera kuti abwerezenso pano, ife tikuona. Komanso ine ndikamaona kanemayu ndikuganiza kuti mwina…"

A Shadrick anali ataimirira kale. "Mayi, ine ndakalambira pa maloko. Wakuba ndimamudziwa." Anatuluka osamva mapeto a mawuwo n'kukwera minibasi yobwerera ku Area 1. Manyazi anawadya. Mwana amene ankamutama pamsewu wonse, kubera azungu pa kamera, makatoni a sitolo yawo akuoneka kumbuyo!

Atafika sanapereke moni. Anang'amba katani ija n'kuyamba kusecha. Anakhuthula makatoni, anatembenuza tebulo, anapapasa pansi pa mpando, anakutumula mabuku limodzi limodzi. Consolata anaima pakona manja ali kumbuyo. Anamuuza kuti atambasule manja, anatambasula. Anamuuza kuti akutumule chitenje, anakutumula. Anamuuza kuti avule nsapato, ndipo nthawi imeneyo atelala a pafupi anali atasiya makina awo n'kuima pakhomo, wokonza mafoni akusuzumira pamwamba pa phewa lawo. Mtsikanayo anavula nsapato zake za pulasitiki n'kuziika patsogolo pa bambo ake ndi manja awiri. Munalibe kanthu.

"Likasa lili kuti?"

"Palibe, ababa."

"Nanga pansi umayang'anapo chiyani?"

Consolata anangoyang'ana zala za kumapazi.

"Ndikufunsa iwe! Wosalakwa amayankha!"

Sanayankhe, ndipo kwa a Shadrick kukhala chete kumeneko kunali kuvomera. Nkhope yoweramayo, imene dzulo lake ankaitcha ulemu, lero anaiona ngati nkhope ya mbava yogwidwa ndi anthu pa depoti. Munthu akatsimikiza mtima kuti apeze wakuba amamupeza ndithu, ngakhale m'nyumba mwake.

Kunyumba a Mayankho anamva nkhani yonse akusadzula masamba otsala. "Mwapeza pepalalo?" anafunsa.

"Anataya. Ndi wochenjera."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo a Conso. Inu mumathamanga."

"Ndidekhe mwana akundinyazitsa? Mvetsani bwino. Akakalephera pamaso panga, sindidikira kuti amuchotse. Ndimukweza basi ya ku Mitundu akalime fodya kwa azakhali ake. Za sukulu zithere pomwepo."

Consolata anali kuseri kwa chitseko akutsuka mbale. Anamva zonse, ndipo mbale sizinasiye kulira.

Tsiku la mayeso obwereza linafika. Mayi Agness anawalowetsa m'chipinda chachiwiri, mmene munali tebulo lopanda kanthu, mipando ndi laputopu basi. Pansi panali matailosi oyera, ongokolopa kumene. A Shadrick sanakhulupirire ngakhale zimenezo. Anawerama n'kusuzumira pansi pa tebulo, anapapasa kunsi kwa mpando, kenaka anakoka mpando wawo n'kukhala chapambali, pamene akanatha kuona nkhope ya mwana, manja ake ndi pansi pomwe. Lero likasa likanachokera kumwamba.

Gawo loyamba linali la mafunso olembedwa. Anatuluka pa galasi la laputopu, Consolata n'kumawerenga ndi kuyankha khosi lili chilili, maso ali patsogolo. A Shadrick anamuyang'anitsitsa mpaka maso awo anachita misozi. Sanayang'ane pansi ngakhale pang'ono. Anadabwa, koma anadziuza kuti wakuba wanzeru amadikira mlonda awodzere.

Kenaka galasilo linasintha, panatulukira nkhope ya a Norman, dazi likung'anima. Anamwetulira n'kumupatsa moni mtsikanayo pomutchula dzina. Nthawi yomweyo mutu wa Consolata unagwa pansi.

A Shadrick anatsatira maso ake mwachangu, mtima ukuti ndakugwira. Anaona matailosi. Anaona nsapato za pulasitiki zija, mapazi atagundana bwinobwino. Panalibenso china. A Norman anafunsa za mmene masamba amapangira chakudya, ndipo mwanayo anayankha mosadodoma, mawu ofewa, akuuza matailosi. Funso lachiwiri, chimodzimodzi. Pakona pa galasi panayaka kabokosi kofiira.

Apa m'pamene a Shadrick anasiya kuyang'ana pansi n'kuyang'ana khosi la mwana wawo. Kupindika kwake ankakudziwa. Ndi mmene linkapindikira akamawapatsa madzi osamba m'manja, akamalandira malangizo kwa abambo mfumu, akamamva moni wa munthu aliyense wa imvi kapena wadazi. Pamene pa galasi panali zilembo zokhazokha mwanayo anayang'ana bwinobwino. Patangobwera nkhope ya wamkulu, anachita zimene anaphunzitsidwa. Zala ziwiri za dzanja lawo lamanja, zimene zinapotokola khutu lija, zinayamba kuyabwa, ndipo anazibisa m'thumba la jekete.

Mayi Agness analankhula ndi a Norman m'Chingerezi, nkhope ija n'kuchoka pa galasi. Kenaka anatembenukira kwa a Shadrick.

"Mwaona? Zimenezi ndi zimene ndimafuna kukuuzani tsiku lija. Inenso kwathu anandilera choncho, ndinavutika nazo nditayamba ntchito. Ndawafotokozera akunjako, a Norman amvetsa, koma makinawa za mwambo wathu sazidziwa, ndipo zotsatira zimadutsa m'makinamo. Kabokosi kaja kakayakanso, palibe chimene ndingachite. Ndamuuza kangapo kuti aziyang'ana kamera, amangoti chabwino madamu, maso ali pansi. Ine sangandimvere pa zimenezi. Ndikupatsani kanthawi pang'ono."

Anatuluka n'kutseka chitseko.

A Shadrick anaimirira. Anakonza kukhosi. "Conso, ndiyang'ane."

Mutu unaweramirabe.

"Ndati undiyang'ane!"

Mawuwo anatuluka ndi ukali wa masiku onse, chifukwa mawu ena analibe, ndipo mtsikanayo anafupikitsa khosi, phewa limodzi likukwera kukaphimba khutu. Ataona phewa limenelo a Shadrick anamva chisoni chimene sanamvepo chibadwire. Anafuna kukalipa, koma wokalipira panalibe. Kunja anamva nsapato za mayi Agness zikuyendayenda pakhonde. Nthawi inali kutha, ndipo basi ya ku Mitundu imene anailonjeza okha inali kuyandikira.

Anayesanso motsitsa mawu. "Mwanawe, dzutsa mutu. Sindikumenya." Mutu unanjenjemera pang'ono, unakwera mpaka pa mabatani a jekete lawo, n'kubwereranso. Sikunali kukana. Khosilo linali litazolowera, ngati loko wadzimbiri amene ngakhale kiyi wake weniweni amakanika.

Kenaka a Shadrick anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuyamba kutsika. Mawondo awo sankagwada kwina kulikonse koma m'tchalitchi, ndipo analira ngati nkhuni zouma. Anagwada pa matailosi ozizirawo, mu jekete lawo la Lamulungu, n'kuweramanso mpaka nkhope yawo inafika pamalo pamene mwanayo ankayang'ana. Maso a Consolata analibenso kothawira.

Anayang'anana. Maso a mtsikanayo anali ofiira koma ouma. M'diso lakumanzere, pambali pa mwanadiso, munali kadontho kofiirira ngati kambewu ka mawere. A Shadrick sanakadziwe kadontho kameneko. Anadziwa loko aliyense m'sitolo mwawo ndi kiyi wake, anadziwa mayendedwe a mwanayu ali kutali pamsewu, koma kadontho kamene anabadwa nako anali kukaona koyamba.

Consolata sanachotse maso. Analankhula motsitsa.

"Ababa, munandivula nsapato pamaso pa atelala."

Sanalire, sanakweze mawu. Akanakhala kale, amenewa akanakhala mwano wofunika khofi.

"Ndamva, mwanawe," anatero a Shadrick pamapeto pake. "Ndinalakwa." Analoza laputopu ija. "Aphunzitsi ajawa uwayang'ane chonchi, mmene ukundiyang'aniramu. Ndakulola ine."

Chitseko chinatseguka. Mayi Agness anawapeza akali chigwadire, ndipo mwanzeru anayang'ana kuzenera mpaka bamboyo atadzuka n'kusasa mawondo a buluku.

Nkhope ya a Norman inabweranso. Mutu wa Consolata unayamba kutsika monga mwa chizolowezi, unaima panjira, n'kukwera pang'onopang'ono ngati akusenza mtolo. Anayang'ana kadiso ka kamera kaja. Funso loyamba mawu ake ananjenjemera, lachiwiri anakhazikika, ndipo pofika kumapeto anawapempha a Norman kuti abwereze funso limene sanalimve bwino, akuwayang'ana ndithu. A Shadrick sanayang'anenso manja ake kapena pansi pa tebulo. Maso awo anali pakona paja pa galasi, ndipo kabokosi kofiira sikanayake.

"Zatheka," anatero mayi Agness akutseka laputopu. "Lolemba ayambe teremu yachiwiri."

Consolata anaimirira n'kulandira laputopuyo ndi manja awiri. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake n'kuwayang'ana m'maso, osati mwamwano, komanso osati mwachangu, kudikira kuti anene zoti azipita. A Shadrick anayesa kupirira. Anaona kadontho kaja, anakumbukira nsapato zili m'manja awiri ndi atelala ali pakhomo. Maso awo ndi amene anatsika, n'kukakhala pa matailosi paja pamene panalibe kanthu.